Phala Labuluu la Azakhali a Lukerya

Azakhali anga a Lukerya amalawa boma ndi chala. Musaseke, ndikunena zoona! Akafika pakhoma pomwe pamatidwa chipepala chatsopano, amapisa chala m'mphepete, n'kutapa kaphala komatira kaja, n'kuika palilime. Kenako amvekere, "Ili boma lili ndi mafuta," kapena, "Ili latsala mafupa okhaokha." Ndipo sanaphonyepo, ngakhale kamodzi.

Ine ndine Glasha, mwana wa mchimwene wawo. Bambo anga anapita kunkhondo osabwerako, mayi anatengedwa ndi matenda a nsabwe, ndiye ndakulira m'kachipinda ka azakhali kuseri kwa msika, kumtunda pang'ono kwa doko la pa mtsinje wa Volga. Zomwe ndikufuna kukuuzanizi ndi za chaka chathachi, cha 1921, ndipo ndikangoyamba kuzikamba m'mutu mumatentha, choncho ndikakweza mawu mundikhululukire.

Ntchito yomata mapepala m'makoma inali ya amuna awo, a Yefim, kale nthawi ya mfumu. Ankamata za masewero a akavalo, za sopo, za mankhwala a dazi. Kachasu atawamaliza a Yefim, azakhali anangonyamula ndowa, bulashi ndi makwerero n'kutuluka. Amuna a pamsika anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mkazi pamakwerero! Anyamata, bwerani muone kumwamba!" Woyamba kukaima pansi pa makwerero aja analandira bulashi yodzaza phala pamphumi, phwaa! Wachiwiri sanapezeke mpaka lero.

Ndi afupi, otambalala, mikono ngati ya wopalasa bwato. Siketi yawo yantchito inauma ndi phala moti akaivula imaima yokha pakona, ndipo ndili wamng'ono ndinkaiopa. Kuwerenga sadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ukawafunsa kuti chipepala chikuti chiyani amati, "Ine ntchito yanga ndi kumbuyo kwa pepala. Kutsogoloko n'kwa eni mabodza." Koma kumata! Ha! Chomata iwo mvula imachita kutopa nacho. Ndowa yawo sakhudza munthu wina, ngakhale ine.

Phala lake kaphikidwe n'kotere. Ufa wa buledi wakuda, madzi ozizira poyamba kuti lisachite mibulu, kenako owira, n'kuvundula mpaka mthiko uime wokha. Pomaliza amatsina kamwala kabuluu n'kukaperamo. Kamwala kameneka ndi mankhwala akupha, amaika kuti makoswe ndi mphemvu zisadye phala kuseri kwa pepala. Womata aliyense amatero. Azakhali ankakasunga m'kachitini pamwamba pa shelefu, ndipo anandiuza kalekale kuti ndikadzakagwira adzandithyola zala.

Boma la antchito litabwera, mapepala anachuluka ngati dzombe. Ndisaname, ine ndinkawakonda zedi! Kufiira kwake inu! Zimphona za amuna zonyamula nyundo, mabwana amimba zazikulu akumenyedwa theche n'kuuluka m'mwamba, dzuwa likutuluka kuseri kwa fakitale. Ndinkathamanga m'mawa kukaona chatsopano, ndipo kuwerenga ndinaphunzirira pamakoma pomwepo. Komanso ntchitoyo inabwera ndi khadi la buledi. Khadi limenelo ndi lomwe linkatidyetsa tonse awiri.

Ndiye kunabwera chaka chija. Tirigu wa kumidzi anali atatengedwa kale ndi anthu amfuti, mpaka wambewu yemwe, kenako mvula inangoti zii. Azakhali anadziwa anthu onse asanadziwe, chifukwa ufa wa phala womwe ankalandira ku ofesi ya zolengeza unayamba kusintha. Poyamba unabwera wosakaniza ndi gaga. Kenako gaga wosakaniza ndi utuchi. Mapepala anayamba kugwa okha, chimphona chanyundo chili chafufumimba m'fumbi. Mbuzi zinayamba kudya mapepala. Anthu anadya mbuzi. Mbuzi zitatha, pakhoma panafika ana.

Tsiku lina masana azakhali anakhota kuseri kwa msika n'kupeza ana asanu akukanda khoma ndi masipuni. Anayi anali ang'onoang'ono. Wachisanu ndinali ine, chimtsikana chonsechi, sipuni m'manja. Ndinadikira pama. Silinabwere. Anangondiyang'ana, n'kuyang'ana kamnyamata ka wopalasa bwato komwe kanali katayamba kale kusanza zobiriwira pambali. Kanasanza masiku awiri, kanatsala pang'ono kupita. Kuyambira tsiku limenelo kachitini kaja sikanatsikenso pashelefu. Sanauze munthu. Phala lawo linangosiya kukhala labuluu, basi.

Tsopano ndikuuzeni za Savka. Chaka chimenecho anali Komuredi Saveli Prokhorovich, monga amaitanirana a boma latsopano, mkulu wa ofesi ya zolengeza, jekete lachikopa, pensulo kukhutu. Koma tauni yonse ikudziwa kuti ndi Savka, mwana wa wogulitsa makandulo kutchalitchi, yemwe azakhali anamukokapo khutu ali mwana chifukwa chojambula ndevu pankhope ya mayi wa pachipepala cha sopo.

Lachinayi lina m'mawa, mwezi wa Sepitembala, Savka analowa pabwalo pathu. Kumbuyo kwake kunali msilikali wachikulire, dzina lake Mitrofan, atasenza thumba. Msilikali wa boma lamphamvu uja, phazi lina jombo, lina nsapato yamakungwa, mfuti yomangidwa ndi chingwe choyanikira zovala. Anatula thumbalo pakhomo n'kulitsegula pakamwa.

Ufa woyera. Woyera mbee! Watirigu weniweni, womwe ndinauona komaliza pa Pasaka ndili ndi zaka khumi. Fungo lake linadzaza bwalo lonse.

"Komuredi Lukerya," anatero Savka, "Loweruka kukubwera alendo akuluakulu ochokera kuchigawo, pasitima yapamtunda yapadera. Pakhoma la siteshoni pakhale chithunzi chachikulu, mapepala khumi ndi awiri. Chimatidwe mawa m'mawa, ndipo chisagwe."

"Chithunzi cha chiyani?"

Anatambasula pepala limodzi. Chimayi chamasaya ofiira, chitanyamula buledi wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Ine ndinawerenga mokweza ndisanaganize, "Njala taigonjetsa!"

Azakhali anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Mwaigonjetsa? Nanga aja agona pasiteshoni aja, otupa miyendo aja, akudikira kuombera m'manja?"

"Amenewo tiwasuntha."

"Ndiye ufa ulipo, eti Savka? Wakhoma ulipo."

"Ndine Komuredi Saveli Prokhorovich."

"Khutu lako ndikulidziwa, lamanzere ndi lalitali. Ndinalitalikitsa ndine."

Mitrofan anatsokomola kubisa phwete. Savka nkhope inafiira psuu, n'kutsitsa mawu. "Ndamva kuti munasiya kuika mwala. N'chifukwa chake makoma onse akandidwa. Uno muikemo, osati kutsina ayi, kanayi kuposa kale. Ndikufuna ndidzalione ndi maso anga lili buluu. Wonyambita aphunzirepo."

"Aphunzira ali kumanda?"

"Ndilembapo chenjezo."

"Mwana wa zaka zinayi wanjala, awerenge chenjezo lako? Iwe Savka, uli ndi mwana iwe. Ka Ulya kali ndi zaka zingati?"

"Mwana wanga sanyambita makoma!" Apa anachita kukuwa. "Mverani. Phala likapanda buluu, kapena chithunzi chikakandika alendo asanafike, khadi la buledi mulibenso. Ndowa, bulashi, makwerero, zonse ndi za boma. Mukadye kuseka kwanuko. Mitrofan, khala pano, pasatuluke ufa ngakhale wodzaza sipuni."

Anapita. Taganizani inu! Pasiteshoni anthu akutoledwa pangolo m'mawa uliwonse, ife tikudya buledi waudzu wobaya pakhosi, ndiye thumba lonse la ufa woyera lipakidwe pakhoma, n'kulithiranso mankhwala, kuti munthu wapasitima asuzumire pawindo n'kugwedeza mutu! Ndipo khadi lija likapita, dzinja lachisanu likubwera, tidya chiyani? Zonse ziwiri ndinkazidziwa, ndipo zonse ziwiri zinkandipsetsa mtima.

Lachisanu kutacha, azakhali anateleka chimphika chachikulu pabwalo. Mitrofan anakhala pachitsa, mfuti pamiyendo, akumeza malovu moti pakhosi pake pankamveka. Phala litayamba kubwata, azakhali analowa m'nyumba, n'kukwera pampando, n'kutsitsa kachitini.

Ndinawalondola n'kutseka chitseko. "Azakhali! Muikadi? Inu? Mukaika ine ndichoka pano, ndikalengeza pamsika ponse, ndikati..."

"Tseka pakamwa, chimkamwa ngati cha bambo ako."

"Sinditseka! Mwaiwala kamwana ka wopalasa bwato?"

"Ndati tseka, msilikali ali panja."

Anabisa kachitini kaja kuseri kwa chithunzi cha oyera mtima, osakatsegula. Kenako anagwada, n'kusolola bokosi la pansi pa bedi, momwe muli malaya oyera aukwati a malemu a Yefim. M'thumba la malayawo anatulutsa timibulu tiwiri tokulunga m'kansanza. Buluu wochapira zovala! Uja amaika m'madzi otsukuluzira kuti zoyera ziwale. Mayo ine, ndinafuna kukuwa, kuvina, kuwanyamula! Anandiponda chala chakuphazi mpaka misozi.

"Nkhope ikhale yamaliro," anatero. "Ukamwetulira ndikuthira m'mphikamo."

Anapera timibuluto pamwala Mitrofan akuona, n'kuthira. Phala lonse linasanduka buluu ngati kumwamba. Mitrofan ndi munthu wakumudzi, mwala uja amaudziwa. Anasuzumira, n'kununkhiza, n'kuyang'ana azakhali nthawi yaitali.

"Mayi, mankhwala anuwa akununkhira ngati tsiku lochapa."

"Ndi atsopano, achimwene. A boma latsopano."

"Oho," anatero Mitrofan, n'kubwerera pachitsa pake.

Savka anabwera, n'kusuzumira mumphika chapatali atatseka mphuno ndi kansalu. "Eya. Mwaona? Kumvera sikupweteka."

Pasiteshoni anali atathamangitsira anthu anjala aja kuseri kwa nyumba yosungira katundu, koma anali pomwepo, akusuzumira. Ana a m'tauni nawo anabwera, fungo linawaitana. Anaima chapatali, maso pandowa. Chenjezo la Savka linali litakhomedwa kale, chigaza ndi mafupa awiri. Ine ndinaima nawo m'gulumo.

Azakhali anayamba ndi mapepala apamwamba, mutu wa chimayi chija ndi buledi wake, kupaka mwaulesi, kaphala kopyapyala. Koma atafika apansi, ee! Sindinaonepo. Ankachita kuwunjika ndi bulashi, kukhuthala zala ziwiri, pepala n'kumachita kutupa ngati pilo. Phala lotsala analipaka pakhoma lopanda kanthu m'munsi, pofika mwana wokwawa.

Atamaliza anatsika, n'kupukuta manja pasiketi, n'kutembenukira gulu lija. Aliyense m'tauni muno amadziwa mwambo wawo wolawa. Anapisa chala m'mphepete mwa pepala, osati kansonga ayi, chala chonse, n'kutapa chimbulu, n'kuponya m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono. Anameza. Anatapanso kachiwiri. Kenako anatulutsa lilime lonse, lili buluu, n'kunena mokweza, "Mchere wachepa." Ananyamula makwerero awo n'kumapita.

Koma inu!

Mitrofan anayesetsa, ndimuchitire umboni. Anaima kutsogolo kwa chithunzi, mfuti m'manja, akuti, "Bwererani, ana inu, ndiombera!" Kamtsikana kena kanayankha, "Agogo, mfuti yanuyo mulibe zipolopolo, tonse tikudziwa." Anapirira mpaka dzuwa pamutu. Kenako anati akukataya madzi. Pobwera anapeza chimayi chija chilibe mapazi. Anayang'ana kumanzere, kumanja, n'kuchita chizindikiro cha mtanda, msilikali wa boma losapemphera, n'kuzula mpeni wa kumfuti kwake. "Pang'onopang'ono, musang'ambe, ang'onoang'ono ayambe!" Iye ndi amene ankatukula mapepala, ife n'kumakanda.

Kukoma kwake sindingakufotokozereni. Lofunda ndi dzuwa, loterera, la ufa weniweni. Azimayi ankatapira m'zipewa, m'manja, m'nsapato. Aja anawabisa kuseri aja anabwera chokwawa. Panalibe womenya mnzake, mwina mphamvu zomenyera zinalibe. Pofika chakumasana chimayi chija chinalibe miyendo, chiuno, mimba. Panatsala mutu wokha ukumwetulira m'mwamba ndi buledi wake, ndi mawu aja akuti njala taigonjetsa. Ndipo tauni yonse milomo buluu! Ana, agogo, wogulitsa matikiti, ndevu za Mitrofan, ine ndemwe mpaka m'mphuno.

Ndinathamangira kunyumba kukawauza azakhali. Ndinawapeza akutsuka bulashi. Ndisanamalize n'komwe, chipata chinatseguka ndi theche, n'kulowa Savka, wopanda chipewa, akupuma ngati kavalo. M'manja ananyamula ka Ulya, kamwana kake ka zaka zisanu. Kukamwa konse buluu, masaya buluu, timanja buluu.

"Azakhali a Lukerya!" Ukomuredi wonse unathera panjira. "Azakhali, wadya! Anazemba amake, anatsatira anzake! Munaikamo wochuluka bwanji?"

Azakhali anapitiriza kutsuka bulashi. "Kanayi kuposa kale, Komuredi. Monga munalamulira."

Munthu uja anagwa maondo pansi, m'matope a phala. "Mkaka! Amati mkaka umathandiza! Glasha, thamanga, kapeze mkaka!"

"Mkaka wa chiyani?" ndinatero ine. "Ng'ombe yomaliza munatenga ndinu."

"Chenjezo sanawerenge?" anafunsa azakhali. "Si munalemba bwinobwino?"

Analira, inu. Kulira kwenikweni, mamina ndi misozi, akupisa chala kukhosi kwa mwana kuti asanze, mwana akumuluma. Ine poyamba ndinkamva kukoma mpaka m'zala zakuphazi, koma kenako zinayamba kundiwawa, chifukwa ka Ulya kanayamba kuopa. Timiyendo take tinali ngati timitengo, chimodzimodzi ana ena onse. Kanadzipulumutsa n'kunena, "Ababa, ndisiyeni! N'zokoma. Ndikufuna zina."

Pamenepo azakhali anaimirira, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kachitini kaja. Anakaponya patsogolo pake. Chivindikiro chinali ndi dzimbiri, chosatsegulidwa miyezi.

"Mwala wako uwo. Mwana wako wadya ufa ndi buluu wochapira. Mawa achita chimbudzi chokongola, basi. Dzuka, Savka, ukudetsa buluku la boma."

Tsopano inu mukuganiza kuti anathokoza? Mukuganiza kuti anawagwira mwendo azakhali, n'kunena kuti mwandipulumutsira mwana? Ndi zomwe ndinkadikira ine, chitsiru ine! Anadzuka, n'kupukuta nkhope, n'kusasa maondo, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina waona. Mawu aja anabwerera m'malo mwake.

"Mwanyoza lamulo, Komuredi Lukerya. Mwawononga katundu wa anthu."

"Anthu ake adya katundu wawo."

"Khadi."

Anatambasula dzanja, lomwe lija linkapisa chala kukhosi kwa mwana posachedwapa. Dzanja lina atagwira mwana wamoyo. Azakhali anasolola khadi pachifuwa n'kumupatsa. Ine ndiye ndinanena, zambiri, zina sindingazibwereze pano, mpaka azakhali ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha phala. Savka kuwatsekera m'ndende azakhali sakanatha, chifukwa akanafotokoza bwanji za mankhwala, mwana wake yemwe ali buluu? Analemba kuti adani a boma anang'amba chithunzi, ndipo womata anali wosasamala. Adani! Ka Ulya mdani!

Madzulo asanafike Mitrofan anabwera kudzatenga ndowa, bulashi ndi makwerero. Ndevu zikadali buluu. Sanathe kuwayang'ana kumaso. "Mayi, ndatumidwa."

"Tenga, achimwene. Bulashiyo usaisiye m'madzi, imathothoka."

Ndipo alendo aja? Loweruka tinaimitsidwa pasiteshoni kuyambira m'mawa, milomo atatitsukitsa ndi mchenga, khoma ataliphimba ndi nsalu yofiira. Sitima osabwera. Lamulungu osabwera. Tinadzamva kuti inaima pakati pa chigwa, nkhuni zoyendetsera sitimayo zitatha, alendo akuluakulu aja akuzula mipanda ya eni ake kuti abwerere kwawo. Ufa wonse uja, mankhwala onse analamula aja, kufuna kuphera ana sitima yosafika n'komwe!

Dzinja lomwe linatsatira sindikufuna kulikamba kwambiri. Tinagulitsa malaya a a Yefim, bedi, jombo za azakhali. Mano awo anayi anagwa, miyendo inatupa, mpaka pano amayenda ndi ndodo. Nthawi zina tinkapeza kanthu pakhomo, fupa la kavalo, mbatata ziwiri zouma ndi chisanu, osadziwa wasiya ndani, ngakhale kamodzi ndinaona mapazi m'chipale chofewa, lina la jombo lina la makungwa. Sindinganame kuti phala lija linapulumutsa tauni. Kudya kamodzi sikuthetsa njala. Ambiri mwa ana tinkakanda nawo khoma aja sanafike Pasaka, kamnyamata ka wopalasa bwato komwe. Koma palibe ngakhale mmodzi anafa ndi ndowa ya azakhali anga. Savka anakwezedwa, ali kuchigawo tsopano, akuti ndi katswiri.

Womata watsopano ndi mlamu wake wa Savka, munthu woti ngakhale sitampa sangaimate mowongoka. Sabata yatha anamata china pamsika, cha thirakitala, ndipo ndivomere, thirakitalayo ndi yokongola, sindinaionepo yeniyeni. Azakhali anatsimphina mpaka pakhoma, n'kupisa chala, n'kuika palilime. Analavula nthawi yomweyo, kawiri, n'kupukuta lilime ndi mpango.

"Bwanji azakhali, lili bwanji boma?"

"Dothi ndi madzi. Ufa mulibe ngakhale fungo." Analavulanso. "Koma mwala aikamo. Umenewo sunawathere."

Anandituma kukatenga mpando. Kuyambira tsiku limenelo amakhala pansi pa chipepalacho kuyambira m'mawa, ndodo pamiyendo, wopanda khadi, wopanda wowatuma. Mwana akangoyandikira ndi sipuni, ndodo ili m'mwamba. "Choka apo, iwe! Ili si langa!" Ndipo ana amamvera, chifukwa amadziwa kuti likanakhala lodyeka akanayamba ndi iwo kunyambita.